Botolo Lomwe Linachita Thovu

Wakubayo sanathyole chitseko. Sanabise nkhope, sanadikire mdima, ayi ndithu. Anaba masana dzuwa likuswa mtengo, anthu onse a mu labotale atatsikira ku kantini kukadya. Anatsegula kabati yagalasi, anatenga botolo la madzi akuda bii, nkuwakhuthulira mu fulasiki ya tiyi. M'botolo muja anathiramo madzi ena, akudanso bii, anatseka, analibwezera pamalo pake bwinobwino. Nde anatsika kukadya ndi anzake. Ati anapemphanso mpunga wowonjezera kkkk.

Linali Lachinayi. Mwini botololo anali mtsikana wina amene aliyense ankamutcha Mwaye, ndipo nthawi imeneyo anali pa mzere ku kantini komweko, mbale m'manja, asakudziwa kanthu.

Dzina la Mwaye linachokera ku ntchito. Ankalimbana ndi timachubu ta kaboni. Tangoganizani timapaipi tating'ono kwambiri, toti tsitsi lanu limodzi pafupi nato ndi chimtengo. Ndi maso sungatione kamodzikamodzi, umangoona ufa wakuda ngati mwaye wa pa poto, ndipo ufawo unkapezeka pa jekete yake yoyera, pa magolovesi, tsiku lina mpaka pamphuno. Timachubuti ndi tolimba zoopsa, timadutsitsanso magetsi, nde ambiri amatifuna, opanga mankhwala, opanga zosefera madzi, opanga inki yoyendamo magetsi. Koma tili ndi khalidwe limodzi loipa. Timadana ndi madzi. Ukatithira m'madzi timakumbatirana tokhatokha ngati ana amanyazi kukabwera alendo, timachita mibulu, kenako kudikha pansi.

Njira zotinyengerera zilipo ziwiri. Yachidule ndi sopo. Umathira sopo, umakhutchumula, sopoyo amatikuta ngati jekete yobwereka, timayandama kwa kanthawi. Koma chobwereka mwini wake amatenga. Njira inayo ndi yowawa. Umaphika timachubuto mu asidi wamphamvu mpaka khungu lake lichite timabala, nde pa timabalapo umamangirirapo tizinthu tina tokonda madzi. Mwaye ankatitcha timanja. Kachubu kakamera timanja kamagwira madzi kokha, popanda sopo, popanda kukanyengerera. Ukaphika pang'ono timanja sitimera. Ukapyola muyezo timachubu timaduka nkusanduka zinyalala. Mwaye anapsereza zambirimbiri, majekete ake onse anabooka ndi asidi. Zaka ziwiri. Ndipo botolo limodzi lokha, limodzi basi, ndi lomwe linatuluka mmene ankafunira, lakuda ngati inki kuchokera pamwamba mpaka pansi, mwezi wathunthu osadikha.

Lachisanu kunabwera alendo a ku kampani ina imene inaikapo ndalama pa ntchitoyi. Masuti, nsapato zowala, kununkhira labotale yonse. A Pulofesa, mkulu wa labotale, anali ndi chizolowezi chimodzi chodziwika ndi aliyense. Botolo lililonse akaligwira, amalikhutchumula. Ngakhale la madzi akumwa. Mwaye lake sankalikhutchumula, ankangolipendeketsa pang'onopang'ono ngati akugoneka khanda. Nde a Pulofesa analikweza m'mwamba, anamuyamikira mwana wawo ameneyu mpaka iye kuyang'ana pansi, kenako khutchu khutchu khutchu.

Thovu.

Thovu lenileni, lotuwa, kudzaza khosi la botolo ngati wina akufuna kuchapa masokosi.

Mlendo mmodzi, mayi wa magalasi, anasendera pafupi, anayang'ana, anangoti uyu ndi sopo. A Pulofesa analamula kuti ayeze pompo. Isanakwane nthawi yoweruka zotsatira zinatuluka. M'botolomo munali ufa wosaphika, wopanda timanja ngakhale kamodzi, wosambira mu sopo.

Mwaye anati madziwo si ake. Anamufunsa kuti nanga ndi a ndani. Kabatiyo sinkakhomedwa, ndipo njira ya sopo aliyense mu labotale amaiphunzira sabata yoyamba.

A Pulofesa sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Mwana wanga, ukanangondiuza kuti zakanika," anatero. "Kukanika si mlandu. Koma izi."

Anamulanda khadi lolowera. Alendo aja ananyamuka osamwa nkomwe tiyi, ati nkhaniyi ipita kupolisi poti anawanamiza. Anzake a pa benchi onse anapeza mwadzidzidzi zochita kumbali ina ya chipinda. Mmodzi yekha ndi amene anamunyamulira katoni ya katundu wake mpaka pa geti, a Tayi.

A Tayi anali wamkulu kwa onse pa benchi. Zaka khumi ndi zisanu mu labotale momwemo, akulimbana ndi timachubu tomweto pa njira ya sopo. Kutenthe kuzizire, tayi pakhosi pansi pa jekete yoyera, fulasiki yobiriwira m'khwapa. Ndi iwo amene anamuphunzitsa Mwaye tsiku lake loyamba kuti asidi amathira m'madzi, osati madzi mu asidi, akufuna nkhope yake ikhalebe yake. Mwaye ankawatcha achimwene. Pa geti paja anamupatsa mpango wopukutira misozi, anati alimbe mtima, choonadi sichibisala.

Lolemba m'mawa Mwaye sanadikire kuti adzamutenge. Anapita yekha kupolisi. Anakumana ndi a Sajeni, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene ankalemba ndi cholembera chomangirira pa chingwe poti anzawo ankawabera. Kupolisi kkkk.

"Mwaberedwa chani?"

"Madzi."

A Sajeni anadzutsa mutu.

"Akuda," Mwaye anawonjezera.

"Botolo atenga?"

"Botolo lilipo."

"Madzi mulibe?"

"Alimo. Koma si anga."

A Sajeni anaika cholembera pansi, anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamuuza akhale pansi ayambe pa chiyambi, ndipo alankhule ngati akuuza munthu amene sayansi anasiyana nayo kalekale mwamtendere. Mwaye anafotokoza za timachubu, za sopo, za timanja. A Sajeni anamva ndithu. Anafunsa funso lomwe aliyense angafunse, bwanji osangopanga ena anthu aone? Mwaye anati ufa unatha, wotsala ndi womwe wakubayo anathira mu sopo, ndipo wina kuti ufike pamatenga miyezi. Komanso labotale amuletsa. A Sajeni anafunsanso kuti munthu angabe madzi akuda akatani nawo. Mwaye anati akagulitse kwa anthu amene ali ndi makina oyezera, ayeze adziwe timanja take ndi totani, basi zaka zake ziwiri zapita.

Tsiku lomwelo a Sajeni anapita ku labotale, anafunsa aliyense, aliyense anati Lachinayi masana anali ku kantini. Anatenga botolo la sopo lija ngati umboni. Pobwera anamuuza Mwaye mosabisa.

"Chemwali, ine pa tebulo panga pali nkhani ziwiri. Ina ikuti mwaberedwa, ina ikuti mwanama. Yachiwiriyo ili ndi botolo, ili ndi mboni, ili ndi inuyo. Yoyambayo ili ndi mawu anu okha. Ndikapanda kupeza munthu wina, wotsala ndinu."

Mwaye ankakhala ndi achemwali ake aakulu, telala, m'nyumba ya zipinda ziwiri, makina osokera ali pakhonde. Achemwaliwo sayansi sankaidziwa koma mbali anali atasankha kale. Ati mng'ono wawo ali mwana ankalephera kunama ngakhale za shuga, amabwera yekha kudzaulula milomo ili mbuu. Ankamuphikira, ankamukalipira kuti adzuke asambe, ankatukwana a Pulofesa uku akupalasa makina.

Koma Mwaye ankangogona chagada kuyang'ana denga, ndipo chimene chinkamudya sichinali apolisi ayi. Anayamba kudzikayikira yekha. Mabotolo a mu labotale amatsukidwa ndi sopo. Nanga bwanji ngati tsiku lija sanatsukuluze bwino? Nanga bwanji ngati chiyambire munali sopo, ndipo iye poti ankafunitsitsa kuona timanja anaona timanja? Sankalikhutchumula botolo lija. Chifukwa chani? Ulemu, kapena mantha? Munthu akakunamizira umadziwa kuti wanama. Koma ukayamba kuganiza kuti mwina unadzinamiza wekha, ulibenso pothawira, poti wabodzayo ukugona naye bedi limodzi.

Lachitatu masana kunamveka odi. A Tayi, tayi yofiira, jumbo ya malalanje m'manja.

Achemwali anangoti waona. Analowa m'chipinda kukasintha diresi, anatuluka akununkhira, anayamba kuwatcha alamu pomwepo kkkk. Ati mwamuna woyendera munthu pa mavuto ndi ameneyu, osati aja amangotumiza uthenga pafoni. Mwaye anawatsina, iwo osamva. Anateleka ketulo, ija yakale yomwe mkati mwake munamatirira zoyera zochokera m'madzi a pampopi, nkubwerera pakhonde kuti awapatse mpata achinyamata, makutu atawasiya m'nyumba.

A Tayi anali ataonda m'masiku ochepa omwewo. Anakamba za ku labotale, kuti kuli zii, kuti a Pulofesa sakudya. Mwaye powathirira tiyi anafunsa kuti lero fulasiki aisiya kuti, poti sanawaonepo akumwa tiyi wa munthu wina. Anati inasweka. Anamwa pang'ono, anatembenuza kapu m'manja, anayang'ana ku zenera.

"Iwe Mwaye, kungofunsa chabe. Za ntchito basi, mutu usagone. Zinthu ngati zako zija, za timanja. Munthu atathiramo madzi a pampopi, zikachita mibulu. Zimabwerera?"

Mwaye anagwira ketulo m'malere.

Mu labotale mawu oti madzi amatanthauza madzi a m'makina, osefedwa mpaka osatsala kamchere ngakhale kamodzi. Mpopi ndi wosambira m'manja basi. Palibe amene angayandikize madzi a pampopi pa botolo la ntchito, nde funso limeneli mu labotale silingabadwe. Limabadwira kunyumba, kukhitchini. Madzi a pampopi ali ndi timichere, tomwe tija timayeretsa ketulo, ndipo timichereto tikapeza timanja timatigwira tiwiritiwiri nkutimanga pamodzi. Timachubu timakumbatirananso. Mibulu. Koma kuti zimenezo zichitike, timanja tiyenera kukhalapo.

Ndipo munthu amene anaona thovu ndi maso ake, amene akukhulupirira kuti zonse zinali sopo, angafunsirenji za mankhwala a matenda a chinthu chomwe kulibe?

Mukudziwa chimene anayamba kumva? Si mkwiyo. Chimwemwe. Chimwemwe chenicheni, chokwera kuchokera m'mimba, mpaka analuma mlomo kuti asaseke. Alipo. Madzi ake alipo, ali kwinakwake, ndipo achita mibulu ndendende mmene enieni ayenera kuchitira. Sanadzinamize. Kuzizira kunabwera pambuyo, atayang'ana dzanja lomwe linamupatsa mpango pa geti litagwira kapu.

Anamaliza kuthira tiyi. Anayankha bwinobwino ngati mwana wasukulu, ndipo sananame ngakhale pamodzi. Anati zimabwerera. Umatsuka ndi asidi wofooka kuti timichere tisiye, umasefa, umatsukuluza ndi madzi a m'makina kambirimbiri, umadonthezera mankhwala odzutsa timanja, kenako umaika mu bafa lolira lija. Bafa lolira ndi kabeseni kachitsulo ka mu labotale kamene kamanjenjemeretsa madzi mpaka mibulu kumasuka, kulira kwake ngati udzudzu wa dziko lonse wasonkhana pa msonkhano. Anawonjezera kuti koma osachedwa, mibulu ikakhalitsa imauma mtima.

A Tayi anagwedeza mutu, anati sayansi ndi yokoma. Tiyi sanamalize.

Atangotuluka achemwali analowa akuvina, kufunsa ngati alamu anenapo kanthu. Mwaye anati anena zonse. Anavala nsapato, ulendo wa kupolisi.

A Sajeni anamvetsera mpaka kumapeto, cholembera chili pakamwa.

"Funso sitimanga, chemwali."

"Ndikudziwa. Koma sefa ija, madzi aja, bafa lija, kunyumba kulibe. Akufuna akonze, abwera nazo yekha ku labotale."

"Kumakhala kopanda anthu liti?"

"Loweruka."

Anapita kwa a Pulofesa. Poyamba a Pulofesa anakana, ati munthu amene wagwira naye ntchito zaka zonsezi sangamutchere msampha ngati khoswe. A Sajeni anawafunsa kuti nanga mtsikanayu anamuganizira nthawi yaitali bwanji asanamulande khadi. A Pulofesa anavula magalasi, anawapukuta, anapereka kiyi wa kasitolo kosungiramo katundu.

Nde Loweruka m'mawa anthu atatu anali mu kasitolo ka labotale, pakati pa makatoni a magolovesi ndi mabotolo opanda kanthu, chitseko chili chotseka mosiya kampata. Wapolisi wina anakhala panja m'galimoto. Munkatentha. A Pulofesa anakhala pa ndowa yovundikira, mawondo ali kukhosi. A Sajeni anatulutsa lalanje limodzi mwa aja a a Tayi, lomwe achemwali a Mwaye anawapatsa pokana kuti m'nyumba mwawo mukhale zipatso za Yudasi, nkuyamba kusenda mwakachetechete. Mwaye ankapemphera mapemphero awiri osemphana. Lina loti abwere. Lina loti asabwere, akhale munthu wina, wachilendo, woti sanamutchepo achimwene.

Dzuwa litakwera, khadi linalira pa chitseko.

Tayi yabuluu. Loweruka, anthuni kkkk.

Anayang'ana uku ndi uku, anavala jekete yoyera, anavala magolovesi, poti chizolowezi sichidziwa kuti lero tikuba. M'chikwama anatulutsa fulasiki yobiriwira, yosasweka ngakhale pang'ono. Anakhuthulira mu galasi lalikulu. Pa kampata paja Mwaye anaona madzi otuwa, mibulu yakuda ikuzungulira ngati masamba a tiyi, ndipo anali ochuluka kuposa amene iye anapanga. Anamvetsa. Munthuyu anapeza ogula awiri, anafuna botolo limodzi libale awiri, anatsegula mpopi wa kukhitchini kwake. Zaka khumi ndi zisanu akutunga madzi m'makina osaganizako, mpaka anaiwala kuti madzi ena si madzi.

A Sajeni anadikira mpaka sefa itayamba kudontha. Anameza lalanje, anatsegula chitseko.

"Pitirizani bambo, musatione ife."

A Tayi anatembenuka. Anaona yunifolomu, anaona a Pulofesa akudzuka pa ndowa movutikira, anaona Mwaye. Dzanja linapita lokha pa tayi kukaikonza.

"Ndi ntchito yanga iyi," anatero. "Zanga za sopo. Ndimabwera Loweruka nthawi zina."

"Za sopo," anatero a Sajeni. "Bwana, inu paja mumakonda zokhutchumula. Tathandizeni."

A Pulofesa anathira otsala a mu fulasiki m'botolo, anatseka. Khutchu khutchu khutchu. Anakhutchumula mpaka magalasi kutsetsereka pamphuno. Mibulu inazungulira, inazungulira, inayamba kutsika. Thovu panalibe, ngakhale la mankhwala.

A Tayi anati mwina sopo wachepa. A Sajeni anati chabwino, poti ndi zanu tiuzeni muli chani, anzanu ayeze tione ngati zigwirizane. Timanja tomwe Mwaye anamangirira a Tayi sankatidziwa, ndi chifukwa chake ankagulitsa botolo osati nzeru.

Mwaye anapempha jekete. A Pulofesa anavula yawo nkumupatsa, manja ake aatali mpaka anachita kupinda. Anagwira ntchito onse akumuyang'ana. Asidi wofooka. Sefa. Madzi a m'makina, kutsukuluza, kutsukuluzanso, kutsukuluzanso, mpaka a Sajeni anafunsa ngati sayansi yonse ndi kutsuka mbale. Pa sefa panatsala kachitumbuwa kakuda konyowa. Anakakokolola, anakaika m'botolo loyera ndi madzi oyera, anadonthezera mankhwala, anaika mu bafa. Udzudzu unayamba msonkhano.

Panthawi yodikirayo ndi pomwe Mwaye analankhula ndi a Tayi. Sanawayang'ane, ankayang'ana bafa.

"Achimwene, mukanangoba."

A Tayi anali atakhala pa kampando, wapolisi wa panja uja ataima kumbuyo kwawo.

"Mukanangotenga nkusiya botolo lopanda kanthu. Ndikanalira, ndikanayambiranso. Sopo uja munathiriranji?"



"Botolo lopanda kanthu anthu amafunafuna wakuba," anatero a Tayi. "Botolo labodza safuna aliyense. Wabodza amakhala alipo kale."

Ananena mofatsa, mmene ankafotokozera za asidi ndi madzi tsiku loyamba lija. Kenako anawonjezera, ngati akudziuza yekha, kuti iwo zaka khumi ndi zisanu ndi sopo, mwana wabwera dzulodzuloli zaka ziwiri basi.

Mwaye anazimitsa bafa. Anatulutsa botolo, analipukuta, analikweza pa zenera. Lakuda bii. Pamwamba, pakati, pansi, chimodzimodzi. Dzuwa linalephera kudutsa.

A Sajeni anatulutsa unyolo. Anawauza a Tayi kuti akuwamanga pa mlandu wakuba komanso wonamizira munthu, ndipo chilichonse anene chikawatsata kukhoti. Sanalimbane. Anangopempha avule kaye magolovesi awataye mu bini yoyenera, ati ali ndi asidi, wokolopa angapse.

Kenako a Sajeni anatambasula dzanja kwa Mwaye.

"Botolo."

"Pepani?"

"Umboni, chemwali. Likakhala kwa ife mpaka mlandu uthe."

Mwaye anatsala pang'ono kulira kachiwiri. Kulipeza ndi kulitaya tsiku lomwelo! Anawatsatira mpaka kupolisi akuwapatsa malamulo, lisakhale padzuwa, lisatsegulidwe, wina asaliyese inki nkudindira zala za akaidi. A Sajeni anati ku chipinda cha umboni kulibe amene amakhudza kanthu, ngakhale tsache silifikako.

Pa kauntala, asanawalowetse m'chitolokosi, a Tayi anauzidwa asiye lamba, zingwe za nsapato, ndi tayi. Anaimasula pang'onopang'ono, anaipinda bwinobwino, anaipereka ndi manja awiri. Mwaye anali asanaonepo khosi lawo. Linali lowonda, la munthu wachikulire. Ankaganiza kuti aseka. Anayang'ana kumbali.

Mlandu unachedwa, monga milandu ichitira. Mvula inabwera, inapita. Ufa watsopano unali usanafike, a kampani aja ankati adikira khoti linene, ndipo panali ena mu labotale amene ankanong'onabe kuti chabwino anaberedwa, koma ndani akudziwa ngati zinthu zakezo zimakhalitsadi. Mabotolo awiri aja anangokhala pa shelefu ya apolisi, pakati pa wailesi yakuba ndi njinga yopanda tayala, osakhudzidwa ndi munthu.

Tsiku la mlandu a Sajeni anawanyamula mu katoni, akuyenda ngati anyamula mazira, poti Mwaye anawachonderera kuti asawagwedeze. Anawaika pa tebulo pamaso pa woweruza. Khoti lonse linasuzumira, achemwali ali kutsogolo ndi diresi yatsopano yosoka okha.

Botolo la sopo linali litaulula lokha. Pamwamba madzi otuwa oti ungaonere munthu mbali inayo, pansi matope. Jekete yobwereka mwini wake anali atatenga.

Linalo linali mmene analisiyira. Lakuda kuchokera pakhosi mpaka pansi, miyezi yonseyo, m'chipinda cha fumbi chopanda wolinyengerera.

Woweruza anayang'ana ili, anayang'ana ilo, anati apa sipakufunika womasulira. A Tayi anavomera mlandu. Anawalamula kukakhala kundende zaka zitatu. Potuluka anadutsa pafupi ndi Mwaye, shati yotsegula pakhosi, ndipo maso awo sanapite kwa iye. Anapita pa botolo. Analiyang'ana mmene munthu amayang'anira mwana wokongola wa mnzake.

Panja achemwali anapumira m'mwamba, ati ndiye ulamu wathera pomwepa, ndipo kuyambira lero mwamuna aliyense wobwera ndi malalanje aziyamba wakhutchumulidwa pa geti kkkk.

A Pulofesa anabwera pang'onopang'ono, khadi lolowera lili m'manja. Mawu anali atawakonza, zinkaoneka, koma atafika anangoti, "Mwana wanga," basi mawu anathera pomwepo. Anamupatsa khadi. Maso awo anali pa botolo lomwe Mwaye analikumbatira pachifuwa, ndipo dzanja lawo linanyamuka lokha mwa chizolowezi, kenako linachita manyazi nkubwerera m'thumba.

Mwaye analiyang'ana botolo lake. Chilipangire ankangolipendeketsa ngati khanda. Anawapatsa.

"Khutchumulani, bwana."

"Ayi, mwana wanga, sindi..."

"Khutchumulani. Mwamphamvu."

Anakhutchumula pamasitepe a khoti pomwepo, mkulu wa magalasi ndi suti yake, anthu odutsa akudabwa. Atatopa analikweza padzuwa, onse atatu anasendera pafupi, mitu pamodzi, kuyang'ana pakhosi pa botolo.

Panalibe kanthu. Madzi akuda basi, ali phee.